Lipoti la msonkhano wa za masitediyamu, kwa komiti yathu ya mpira ku Salima

A Tcheyamani ndi mamembala nonse, msonkhano munanditumawu unali wokambirana ngati n'koyenera kumanga masitediyamu ndi ndalama za misonkho. Malisiti a thiransipoti ndi ogona ali kwa a Msungichuma, amene ankang'ung'udza za alawansi akawaone kumeneko. Chigawo cha m'mawa chinathera m'malonje a akuluakulu.

Za masana ndiye zinali zogwira mtima, chifukwa anatiwerengera ndalama. Bingu National Stadium inatsegulidwa mu 2017, imalowa anthu pafupifupi 41,000, ndipo inamangidwa ndi ngongole ya ku China ya madola pafupifupi 70 miliyoni, kontirakitala wakenso wa komweko. Ngongoleyo tikubweza tonse, ndi msodzi wa ku Senga Bay yemwe amene sanapondeko. Tsono Super League ili ndi matimu 16, ndiye kuti timu imasewera pakwawo ka 15 pa chaka. Onjezanipo makapu ndi Flames, masiku otsalawo bwalo lili zii, koma alonda, magetsi ndi madzi zikudya ndalama.

Pa madzipo mumvetse. Bwalo la mamita 105 m'litali ndi 68 m'lifupi, kulithirira mamilimita 5 okha pa tsiku ndi malita oposa 35,000. Ndi dzuwa la kuno la mu Okutobala, sabata ziwiri pampu itafa kapinga wapsa. Kapinga wapulasitiki safuna zonsezo, koma pakatha zaka 8 kapena 10 afunika kumuchotsa n'kuyala wina, ndipo masana amawotcha mapazi. Mavuto enieni amayambira apa: ndalama yomangira imapezeka chifukwa pali wodula riboni, yokonzera mipope ndi zimbudzi sailemba m'bajeti.

Za pageti nazo sizifika zonse kwa mwini bwalo. Amayamba achotsa za apolisi, masitiwadi, osindikiza matikiti ndi ambulansi, zotsalazo n'kugawana matimu awiriwo, mwini bwalo ndi mabungwe oyendetsa masewero monga Sulom, bungwe loyendetsa Super League. Ena ankati sitediyamu imatukula bizinesi. Ndinakana. Ndalama ya tikiti ya mnyamata wa pa Kamuzu Road ndi yomwe ija akanagulira chipisi kapena kuonera mpira pa vidiyo, yangosintha thumba. Yachilendo imabwera ndi alendo ogona, koma masapota amabwera pa basi n'kubwerera usiku womwewo.

Ndikudziwa a Vaisi anena za Mafco, kuti timu ya kuno yakhala zaka ikulandirira alendo ku Chitowe, ku Dwangwa, kupitirira Nkhotakota boma. N'zowawadi. Koma bwalo lija lili pa esiteti ya nzimbe, pomwe madzi ndi makina otchetchera alipo kale. Ife tili ndi chiyani? Ndalama za pageti za bonanza yathu ija mpaka lero lipoti lake silinawerengedwe, mapolo akadali opindika, maukonde tikubwereka kusukulu. Tikulephera kulongosola za mpanda wa matumba, ndiye tidzatha za sitediyamu?

Msonkhano unagwirizana zopempha boma kuti boma lililonse likhale ndi sitediyamu yake. Dzanja sindinakweze. Masitediyamu a Bullets ndi Wanderers ku Blantyre analonjezedwa mu 2019, ntchito n'kuima zaka, chikhalirecho ndi matimu oti ali ndi eni ake. Ine ndikuti tipemphe zotheka: mpanda wa njerwa wa mageti awiri kuti tikiti izigwira ntchito, mjigo wa sola ndi thanki, zimbudzi, zipinda zovalira, sitandi imodzi ya denga. Ndipo zilembedwe m'pangano kuti timashopu ta kumpanda n'ta amayi athu a mandasi ndi a kanyenya, pa lendi yodziwika, chifukwa bwalo likangokongola oyamba kuthamangitsidwa ndi iwowo.

Chigawo cha inshuwalansi chinali chotopetsa, mapepala ake ndawasiya kwa a Sekilitale. Pamsonkhano wathu wa Loweruka, a Msungichuma abwere ndi buku la bonanza lija tisanalembe kalata yopempha.