Chilengezo: Tikumane Loweruka pa Zoo Lake

Moni nonse a m'gulu lino. Loweruka likubwerali tikumana pa paki ya Zoo Lake kuno ku Joni 10 koloko m'mawa, mabanja onse amene muli ndi ana achialubino, a matenda a magazi a sickle cell kapena mavuto ena aja otengera kumtundu. Azibambo musazembe chonde, chialubino mwana amatengera kwa makolo onse awiri, ndiye zoloza chala mayi yekha kapena kumati ndi ufiti tikakambirane komweko. Kuno ku Joni agogo ndi azakhali ali kutali, otigwira mkono ndi ife tomwe, wina akuuzani kogula mafuta oteteza kudzuwa otchipa, wina momwe anapezera kalata ya kukiliniki yokaonana ndi madokotala a genetics, oona za matenda otengera kumtundu. Anawo nawonso aonane, azisewera ndi anzawo ofanana nawo. Musaiwale zipewa ndi maambulera, chakudya aliyense abweretse chomwe angathe.