Uchi ndi zitsamba zisatiiwalitse zimene zikuwononga chiwindi

Bambo Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa mbiri imene yafala m'misika ya kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, yoti uchi, utomoni wa njuchi ndi zitsamba zina zimatsuka chiwindi. Ine ndimaweta njuchi ku Bembeke, koma zimene ndinaona tsiku lina la msika zandisowetsa mtendere. Wogulitsa wina ananyamula botolo la madzi obiriwira osakaniza ndi uchi, n'kumatsimikizira bambo wina, amene maso ake anali atachita kale chikasu, kuti akamamwa makapu awiri pa tsiku akhoza kupitiriza kachasu popanda vuto. Bamboyo analipira n'kumapita kwawo, chonsecho tsiku limenelo anayenera kukagona kuchipatala.

Sindikunena kuti mbiriyi ilibe phata. Njuchi zimatola utomoni m'mitengo n'kumata nawo ming'alu ya mng'oma, ndipo amene anafulapo uchi amadziwa fungo lake ndi mmene umakanirira ku zala ngakhale usambe ndi sopo. Asayansi amautcha propolis. Chiwindi chikamaphwanya poizoni, pamatuluka tinthu tina timene timawononga maselo ake omwe, ndipo mu utomoniwu muli zinthu zotchedwa flavonoids zimene zimachepetsa kuwonongekako. Momwemonso silymarin, wochokera ku njere za chomera chaminga chotchedwa milk thistle, chimene kwawo ndi maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Ofufuza akapatsa makoswe poizoni wa carbon tetrachloride kapena paracetamol (Panado) wochuluka, kawirikawiri amapeza kuti amene analandiranso propolis kapena silymarin chiwindi chawo sichinawonongeke kwambiri ngati cha anzawo.

Koma khoswe si munthu, Bambo Mkonzi. Khoswe amapatsidwa poizoni mmodzi, pa mlingo woyezedwa bwino, kwa masiku owerengeka, pamene bambo uja wakhala akumwa kachasu zaka zambiri. Komanso utomoni sufanana, chifukwa umatengera mitengo imene njuchi zayendamo. Wa m'ming'oma yopachikidwa m'misuku sungakhale chimodzimodzi ndi wa pafupi ndi paini wa ku Chongoni. Munthu akamwa paracetamol wambiri, madokotala samuthamangitsira uchi, amamupatsa mankhwala otchedwa N-acetylcysteine, amene amathandiza bwino akaperekedwa maola 8 asanathe.

Chimene chimandiwawa n'chakuti adani enieni a chiwindi tili nawo m'nyumba ndipo sitikuwalabadira. Mtedza timaunyowetsa kuti usavute kuswa, kenako wabwino timagulitsa, wofota ndi wachuku n'kusinja nsinjiro zothira m'ndiwo za ana. Chuku chimenecho, chimene chimagwiranso chimanga chosauma bwino, chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo satha ngakhale ndiwo zibwate bwanji. Panado timamwa ngati maswiti, pamene munthu wamkulu sayenera kupyola mapiritsi 8 a 500mg pa tsiku, ndipo womwa mowa ayenera kuchepetsa kuposa pamenepo. M'madimba ndimaona anyamata akupopera tomato ndi mbatatesi ali chifuwa pamtunda, osatchinga mphuno, mankhwala akudontha pamsana kuchokera m'pampu, kenako n'kukhala pansi kudya chinangwa osasamba m'manja. Supuni ya uchi madzulo singafafanize zimenezi.

Odwala amene akumwa mankhwala a TB kapena ma ARV asamale koposa, pakuti ena mwa mankhwalawa amalemetsa kale chiwindi, ndipo zitsamba zina nazo zimachivulaza. Asayambe kumwa za m'botolo lopanda dzina asanawauze adokotala.

Pempho langa likupita ku bungwe loona za mankhwala la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, kuti liziyendera misika ngati Lizulu ndi Tsangano n'kuona zimene zili m'mabotolomo. Ndikupemphanso akadaulo a ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndi ya zaulimi ya LUANAR kuti ayeze utomoni wa njuchi zathu zomwezi, atiuze zimene zilimo ndi mlingo umene munthu angamwe. Akafuna woti ayeze abwere ku Bembeke, ine ndidzawapalira m'ming'oma yanga kwaulere.

Ine wanu,
Mlimi wa njuchi,
Bembeke, Dedza