Nthaka ya asidi imafuna laimu, osati thumba lina la feteleza

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa dandaulo limene ndimalimva chaka ndi chaka kwathu kuno ku Dedza, loti feteleza wa masiku ano alibe mphamvu. Ndinaphunzitsa sayansi kusekondale ndisanapume pantchito, ndipo ndikuona kuti m'minda yambiri wolakwa si feteleza ayi, koma nthaka imene yachuluka asidi.

Ana athu amaloweza kuti asidi akakumana ndi besi (zinthu monga soda ndi phulusa) amathetsana mphamvu, n'kutsala mchere ndi madzi. Amalemba zimenezi pa mayeso a MSCE n'kuzisiya komweko, chikhalirecho n'zimene zimachitika munthu wodwala chilungulira akatafuna piritsi la majineziyamu kuti lizimitse asidi wa m'mimba. M'kalasi ndinkafinyira ndimu pa soda wophikira therere, ana n'kumaona thovu likufufuma m'mbale mpaka kuwawasa kwa ndimu kuja kutatheratu. Thovulo ndi mpweya wa carbon dioxide, ndipo laimu, yemwe ndi ufa wa miyala wothira m'munda, amachita chimodzimodzi akakumana ndi asidi m'nthaka, kungoti pang'onopang'ono ndiponso mosaoneka.

Asidi amayezedwa pa sikelo ya pH, yoyambira pa 0 mpaka 14, pomwe 7 ndiye pakati. Nambala ikatsika ndi sitepe imodzi yokha, kuchoka pa 6 kufika pa 5, ndiye kuti asidi wachuluka kakhumi. Chimanga chimayamba kuvutika pH ikatsika kufika pansi pa 5.5, chifukwa aluminiyamu wa m'dothi amasungunuka n'kupinimbiritsa mizu, ndipo fosiforasi amene mlimi wagula ndi ndalama zake amamangika moti mbewu sizingamuyamwe. Tiyi wa ku Mulanje ndi Thyolo amakonda nthaka yotereyi, koma chimanga, nyemba ndi mtedza ayi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti yureya amene timamudalira pobereketsa amawonjezera asidiyo, tizilombo ta m'nthaka tikamasintha nayitirojeni wake. Thumba limodzi la makilogalamu 50 limasiya asidi wofuna laimu wokwana pafupifupi makilogalamu 40 kuti athetsedwe, ndipo tikaganiza za zaka zonse zimene takhala tikuthira yureya pamunda womwewo popanda kubwezera kanthu, sitiyenera kudabwa kuona chimanga chachikasu, chofika m'chiuno, pamalo pamene makolo athu ankadzaza nkhokwe. Mlimi akaona zotere amakongola ndalama n'kugula thumba lina, osadziwa kuti akukulitsa nthenda yomweyo. Inenso ndinachitapo zimenezi, ngakhale ndinkaphunzitsa phunziroli.

Agogo athu sankaidziwa pH, koma ankaona kuti pamene patayidwa phulusa pamamera maungu a masamba obiriwira bwino. Phulusa ndi besi, ndipo n'chifukwa chake chidulo chimafewetsa ndiwo monga soda. Kungoti phulusa la pakhomo silingakwanire ekala yathunthu.

Miyala ya laimu tili nayo m'dziko momwe muno, monga ku Balaka, ndipo nthaka imayezedwa kumalo ofufuzira zaulimi ku Chitedze ndi ku Bvumbwe. Ndikupempha a unduna wa zamalimidwe kuti laimu azipezeka m'misika yomwe timagulamo feteleza, ndiponso kuti alangizi azithandiza alimi kuyezetsa dothi asanagule, popeza si munda uliwonse umene ukumufuna. Amene wamupeza amuthire mvula isanayambe n'kumusakaniza ndi dothi pogalauza, ndipo asamuphatikize ndi yureya tsiku limodzi, chifukwa nayitirojeni amauluka ngati mpweya wa amoniya.

Mphunzitsi wopuma,
Dedza