Lipoti la nthumwi: zimene tamva ndi zimene tikupempha pa nkhani ya matipi

Apampando, akomiti ndi mamembala nonse,

Mudatituma atatu ku msonkhano wa ogwira ntchito m'mahotela, m'maloji ndi m'malo odyera ndi funso limodzi: kodi tipi ndi yathu, kapena ndi chobwera chimene tiyenera kuchikana? Tabwerako. Maganizo athu ndi akuti tipi tizilandira koma tisamapemphe, idzilowa m'bokosi la onse, ndipo isakhudze malipiro ngakhale ndi tambala imodzi.

Tsiku loyamba lidathera pa za chikhalidwe, ndipo okana sadabwere manja lendelende. Kwathu mlendo sagula nsima. Kudya pakhomo pa munthu n'kutulutsa ndalama ndi kumunyoza. Pamsika wowonjezera ndi wogulitsa, amene amaponya basera pa mulu wa tomato kapena usipa, osati wogula. Ena adati tipi ndi msuweni wa "ya fanta", kangachepe kaja kamene munthu amafunsidwa asanathandizidwe, ndipo tikaizolowera tidzayamba kuyang'ana thumba la mlendo tisanamupatse moni.

Ovomera adayankha ndi mawu amodzi: kufupa. Wovina kapena woyimba akakusangalatsa umamufupa, sakuuza mtengo, ndipo amene alibe amangowomba m'manja osachita manyazi. Ife tidaona kuti mpaka pake ndi pamenepo. Ndalama yotsogola ntchito isanachitike ndi chiphuphu. Yobwera ntchito itatha, mwini atafuna yekha, ndi mfupo.

Tidamvanso za maiko ena, ndipo a America ndiwo adatichititsa mantha. Kumeneko lamulo la boma lalikulu limalola kulipira wolandira matipi madola 2.13 pa ola, mtengo umene sudasinthe kuyambira 1991, pamene malipiro otsikitsitsa a ena onse ndi madola 7.25. Bwana amangowonjezera ngati matipi alephera kufikitsa pamenepo. Ndiye kuti mlendo ndiye akulipira wantchito, n'chifukwa chake amasiya 15 mpaka 20 peresenti ya bilu. Ku Japan kulibiretu mwambowu. Ukasiya ndalama patebulo amakuthamangira nayo poganiza kuti waiwala, koma ntchito yawo ndi yotamandika. Ku Britain, lamulo la 2023 limene lidayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2024 likuti tipi yonse ipite kwa antchito popanda bwana kudulapo kalikonse kupatula msonkho, ifike pofika kumapeto kwa mwezi wotsatira, pakhale ndondomeko yolembedwa, ndipo mabuku asungidwe zaka 3. Anzathu a ku Zambia ali ndi service charge, ndalama yowonjezera pa bilu yolipirira ntchito yotumikira mlendo, ya 10 peresenti imene lamulo lawo la zokopa alendo la 2015 lidaika kuti idzipita kwa antchito.

Kuno bilu imasokoneza alendo ambiri. Akaona VAT ndi 1 peresenti ya tourism levy, msonkho wa zokopa alendo, amaganiza kuti wantchito wapezapo kale. Ayi ndithu, zonsezo ndi za boma. Komwe hotela imalemba service charge, funsani kuti ikupita kuti, chifukwa dzina lokha silifikitsa ndalama m'thumba mwanu.

Tsopano za bokosi, zimene zidatenga nthawi yaitali ndipo n'zoyenera. Tipi yapamanja imapita kwa amene mlendo wamuona: woperekera zakudya, wa pa bala, wonyamula zikwama. Koma chambo chimene mlendo wachiyamikira wachipala ndi kuchiwotcha ndi wa kukhitchini, nsalu zoyera pabedi wachapa ndi wina, ndipo watulo tabwino wamulondera ndi mlonda amene wachezera ndi udzudzu usiku wonse. Popanda bokosi, anthu amayamba kulimbirana matebulo a azungu, a kukhitchini amachedwetsa mbale za amene akumudziwa kuti amabisa, ndipo mlendo wa Chimalawi wochokera ku Blantyre amadikira madzi akumwa theka la ola. Zimenezi ndi zochititsa manyazi, komanso n'kudziwotcha tokha: mu Januwale ndi Febuluwale, mvula ikamagwa alendo akunja atachepa, amene amatisungira ntchito ndi a kuno konkuno, a maphwando ndi a misonkhano.

Bokosi likhale lamatabwa kapena lachitsulo, lokhomeredwa pa risepishoni pamene aliyense akuliona, ndi kabowo kolowa ndalama yopinda koma osati chala. Maloko akhale awiri: kiyi wina kwa manijala, wina kwa wosankhidwa ndi antchito. Litsegulidwe kamodzi pa mwezi, tsiku lodziwika, pamaso pa anthu osachepera atatu, mmodzi wa iwo wochokera kukhitchini kapena kochapira. Ndalama iwerengedwe mokweza, ilembedwe m'buku la chikuto cholimba limene masamba ake ali ndi manambala kuti lina likang'ambidwa zidziwike, onse asaine, ndipo chiwerengero chimatidwe pa bolodi tsiku lomwelo. Kumene bokosi lidafa, lidafera pa kiyi mmodzi.

Kagawidwe tikupempha kotsata masiku ogwira ntchito. Tipereke chitsanzo chongopeka kuti masamu amveke. M'bokosi mwapezeka K480,000. Antchito ndi 12: khumi agwira masiku 22 aliyense, awiri aganyu agwira masiku 10 aliyense. Masiku onse ndi 240, choncho tsiku limodzi ndi K2,000. Wa masiku 22 alandira K44,000, wa masiku 10 alandira K20,000. Aliyense angathe kuwerengera yekha pa foni. Njira ina ndi ya mapointi, yopatsa wophika wamkulu kapena wokhalitsa gawo lokulirapo. Mmodzi mwa ife atatu akuikonda, poti luso silofanana. Awiri tikuti kusiyana kwa luso kuonekere pa malipiro, chifukwa mapointi amabala mikangano yosatha ya amene aposa mnzake. Mudzagamula ndinu. Pa ziwiri tidagwirizana: mwini malo ndi manijala wamkulu asalowe m'gawo, ndipo tambula yosweka kapena bilu yothawidwa isadulidwe m'bokosi.

Otsogolera alendo kokaona nyama, monga ku Liwonde, ndi oyendetsa maboti amakhala ndi mlendo maola ambiri payekha, ndipo alendo amafuna kuwapatsa pamanja. Asiyeni alandire, koma kapepala ka m'chipinda kanene momveka kuti bokosi ndi la ena onse.

Vuto lina ndi mtundu wa ndalama. Makobidi achitsulo a mayuro, mapaundi kapena marandi sasinthika ku banki, amangodzaza kabati. Madola akale, ong'ambika kapena olembedwa ndi bolopeni amakanidwa kawirikawiri. Mlendo wofunsa muuzeni mwaulemu kuti makwacha ndiwo abwino. Ndalama zakunja zikapezeka, asinthe anthu awiri ku banki kapena ku bureau yovomerezeka, risiti imatidwe m'buku. Ndipo musasunge makwacha kudikira Disembala: mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo ndalama yogonekedwa idasanduka masamba.

Tipi ya pa khadi ndiyo imasowa mosavuta. Imalowa mu akaunti ya kampani pamodzi ndi ya chakudya, banki n'kudulapo kachigawo kake, ndipo pakutha pa mwezi palibe angailekanitse. Mlendo akawonjezera pa makina, wolandira ndalama alembe pa kapepala kotuluka m'makinamo kuti bilu inali yakuti, tipi ndi yakuti, ndipo kapepalako kajambulidwe kapena kalowe m'bokosi. Za Airtel Money ndi Mpamba zipite ku nambala imodzi ya gulu, osati ya munthu, ndipo ndalama yodulidwa potapa ichotsedwe musanagawe.

Chimodzi tiyenera kudziuza tokha popanda kupsatira. Kuyima pakhomo la chipinda kudikira, kufotokozera mlendo za fizi ya mwana, kupempha nambala yake kuti udzamutumizire mavuto: kumeneko si kufupidwa, n'kupempha, ndipo mlendo amakalemba pa intaneti loji yonse n'kuvutika. Mlendo akafunsa kuti apereke zingati, yankho likhale limodzi kwa tonse: "N'kufuna kwanu, bambo, bokosi lili ku risepishoni." Kapepala ka m'chipinda kalembedwe m'Chichewa ndi m'Chingerezi, kanene kuti sikukakamiza, ndipo kasatchule mtengo.

Mabwana ena ayamba kale kuyankha pempho lokweza malipiro ndi mawu akuti "si mumalandira matipi?" Tikupempha komiti kuti ndondomeko yathu ilembe poyera kuti tipi siwerengeredwa pa malipiro, pa ovataimu kapena pa ndalama ya penshoni, popeza mwezi wa mvula bokosi limatuluka lopepuka koma lendi sichepa.

Pa msonkhano wa mwezi wamawa, loji iliyonse itumize munthu mmodzi ndi mayankho atatu: kodi bokosi lilipo, makiyi ali ndi ndani, ndipo tipi ya pa khadi imatha masiku angati isanafike kwa antchito. Amene ali ndi bilu yolembedwa service charge abwere nayo, dzina la mlendo litafufutidwa.

Ife nthumwi zanu.