Zikomo kwa kampani yotengera mabanja kukaona nsomba za mbuna m'miyala ya Thumbi ku Cape Maclear

Olemekezeka a Manijala ndi antchito nonse,

Ife alangizi a makalabu a zachilengedwe m'sukulu, pamodzi ndi aphunzitsi a kusambira, tikukuthokozani chifukwa cha mmene mumayendetsera maulendo a mabanja ndi anthu oyamba kumene kuona nsomba pansi pa madzi ku chilumba cha Thumbi West ndi ku Otter Point. Kalatayi taiika poyera mwadala. Makolo ambiri amaopa nyanja, ndipo mantha awo ndi omveka. Tikufuna kuti akafika ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, azidziwa zofunsa asanalipire boti lililonse, ndipo njira yachidule yowaphunzitsira ndi kufotokoza zimene inu mumachita.

Ntchito yanu imayamba anthu adakali pamtunda. Mumafunsa ngati pali wodwala khunyu, mphumu, mtima kapena kuthamanga kwa magazi, ngati wina ali ndi chimfine, ndiponso ngati pali amene walawako mowa. Mumafunsanso kuti ndani amatha kusambira, koma yankho la funso limeneli simulikhulupirira msanga, ndipo mumachita bwino. Bambo sangavomere pamaso pa ana ake kuti madzi sawatha. Mnyamata amene anakulira kusewera padambo amadziyesa katswiri mpaka tsiku limene mapazi ake alephera kugunda pansi. N'chifukwa chake lamulo lanu loti woyamba aliyense avale jekete yoyandamitsa, wamkulu ndi wamng'ono yemwe, limachotsa manyazi pa onse. Pali chinanso chimene alendo ena sadziwa: madzi a nyanja yathu alibe mchere, choncho sanyamula thupi ngati a ku Beira kapena ku Durban. Amene anazolowera kuyandama mosavuta kumeneko, kuno amatopa msanga.

Jekete nayo simungoiponya m'manja mwa munthu. Mumamanga malamba, kenako n'kuikoka m'mapewa. Ikakwera mpaka m'makutu ndiye kuti yakula, ndipo m'madzi mwana adzatsetserekera pansi jeketeyo n'kutsala pamwamba. Ya mwana mumasankha potengera kulemera kwake, osati zaka zake, ndipo lamba wodutsa pakati pa miyendo simumusiya akulendewera.

Pa galasi lophimba maso ndi mphuno m'pamene maulendo ambiri amawonongekera, ndipo inu mumathapo nthawi yokwanira. Mumauza munthu aliike kumaso lamba asanavale, akoke mpweya pang'ono ndi mphuno, achotse manja. Likamatirira, ndi lake. Likagwa, mumamupatsa lina. Mumayang'ana kuti tsitsi, mesh kapena duku zisalowe pansi pa mphira, pakuti katsitsi kamodzi kokha kamatsegulira madzi njira. Mumachenjezanso kuti lamba asamangidwe kwambiri. Anthu amaganiza kuti kumanga zolimba kuletsa kudontha, pamene kwenikweni mphira imapindika n'kusiya mipata. Za nthunzi yophimba galasi, mankhwala ake ndi otchipa: malovu, kapena kadontho ka shampu ya ana, kupaka mkati galasi lili louma, n'kutsukuluza kamodzi kokha. Galasi latsopano limachita nthunzi kwambiri chifukwa cha mafuta a kufakitale, ndipo taona kuti anu mumayamba mwalitsuka ndi mankhwala otsukira mano lisanagwire ntchito.

Paipi yopumira ili ndi vuto lake limene silioneka ndi maso. Mpweya umene munthu watulutsa sutha wonse m'paipimo. Wina umatsalira, ndipo ndi umene amayamba kuukokanso. Munthu wa mantha amapuma mofupikitsa ndi mofulumira, motero amangobwereza mpweya wakale womwewo, mutu n'kuyamba kuwawa, mtima n'kuthamanga, mantha n'kuwonjezeka. Otsogolera anu amaphunzitsa kupuma mozama ndi mwapang'onopang'ono, ndipo mwana samupatsa paipi ya munthu wamkulu, chifukwa mapapo ake aang'ono sangaitsuke. Amaphunzitsanso zochita madzi akalowa: usameze, usadzidzimuke, uzira mwamphamvu kamodzi ngati ukunena kuti "tu", kenako koka mpweya woyamba pang'onopang'ono lilime lili kumwamba kuti madontho otsala asakutsamwe. Zikakanika, dzutsa mutu, lavula paipi, gonera chagada. Zonsezi munthu amayeserera m'madzi ofika m'chiuno kwa mphindi 15 kapena 20, ndipo amene sanazigwire simumukankhira kwakuya chifukwa choti anzake akudikira. Zipsepse zovala kumapazi mumaziwonjezera pomaliza, n'kuonetsa kuti kupalasa kumachokera m'chiuno miyendo ili yowongoka, osati kupinda mawondo ngati wopalasa njinga. Katumba akakokana, wotsogolera amagwira nsonga ya chipsepse n'kuikankhira kwa mwini wake mwendo uli wowongoka, ndipo amamasuka.

Tikuyamikanso kuti malangizo onsewa amaperekedwa m'Chichewa, ndi m'Chiyao pamene pafunika. Agogo amene aperekeza zidzukulu amamva zonse, ndipo mwana akavutika m'madzi amaitana m'chinenero chimene chabwera msanga pakamwa.

Za boti tinene mwachidule. Mumanyamuka m'mawa nyanja isanadzuke. M'miyezi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mumasankha mbali ya chilumba yobisika ku mphepo, ndipo tsiku loipa mumabweza ndalama m'malo moyesa mwayi. Injini imazimitsidwa munthu asanatsike ndiponso asanakwere, chifukwa pulopela sasiyanitsa mwendo ndi madzi. Mumawerenga anthu potsika ndi pokwera, mokweza, ndipo m'botimo mumatsala munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana basi. Wotsogolera mmodzi satenga oyamba opitirira 4 kapena 5, amakoka chubu choyandama chomangidwa chingwe kuti wotopa agwire, ndipo mwana wamng'ono sachoka pamene dzanja la munthu wamkulu lingamufikire. Womira sakuwa. Amangokhala chiriri m'madzi, mutu utapendekera kumbuyo, pakamwa pakulowa ndi kutuluka, ndipo amene sanaphunzitsidwe angamuyang'ane n'kuganiza kuti akusewera.

Tsono tifike pa mapanga, amene ndiwo amakopa ana kwambiri ndipo ndiwo atichititsa kulemba. M'mbali mwa Thumbi miyala ikuluikulu inasanjikizana, n'kusiya mipata ya mitundumitundu. Ina ndi mithunzi chabe, thanthwe lotulukira pamwamba pa madzi ndi malo okwanira mutu. Ina ndi tinjira topapatiza pakati pa miyala iwiri. Ina ndi mapanga enieni a pansi pa madzi, amene kuti udutse uyenera kumira n'kukatulukira mbali ina. Lamulo lanu ndi lomveka: woyamba amasuzumira ali pakhomo, salowa pamalo alionse amene sangadzutse mutu n'kupeza mpweya nthawi yomweyo. Pali otsogolera ena panyanja amene amaona lamulo lotere ngati kumana alendo chisangalalo. Ife tikuti ndi lamulo lofunika kuposa ena onse, ndipo zifukwa zake ndi izi.

Jekete imene imapulumutsa munthu poyera imasanduka mdani pansi pa thanthwe, chifukwa imamukankhira kudenga n'kumukanikizira pomwepo. Nsonga ya paipi ili kumbuyo kwa mutu kumene mwini wake sakuona. Ikagunda mwala imasuntha m'kamwa kapena kupendekera m'madzi, ndipo mpweya wotsatira umakhala madzi. Boti likadutsa patali, mafunde ake amafika mochedwa, amalowa mumpata wopapatiza n'kukula, n'kunyamula munthu kukamugunditsa mutu. Maso nawonso amanama. Kudzera m'galasi, zinthu za m'madzi zimaoneka zazikulu ndi gawo limodzi mwa magawo atatu ndiponso zoyandikira kuposa mmene zilili, motero mpata umaoneka wotakasuka ndipo potulukira pamaoneka pafupi. Wonjezani mdima pambuyo pa dzuwa lowala, matope amene zipsepse zavundula, ndi kusowa malo otembenukira. Munthu amene waphunzira kupuma ndi paipi ola lomwelo sangakwanitse zonsezi pamodzi.

Pamene pali mpweya wokwanira pamwamba ndipo nyanja yagona, mumalola kulowa mmodzimmodzi, dzanja limodzi lili patsogolo pamwamba pa mutu, wotsogolera ali pakhomo, wina asanalowe mnzake asanatuluke. Mumaletsa kuimirira pa miyala, chifukwa ndere zimaterera ndipo mabala ambiri a panyanja amachokera pamenepo. Kwa odziwa kusambira amene akufuna kumira pang'ono, mumafotokoza za makutu: madzi amapanikiza, ndipo pofika mamita 10 mphamvu yake imakhala itawirikiza kawiri poyerekeza ndi pamwamba, koma ululu umayamba kale pa mamita 2 okha. Tsina mphuno, uzira mofatsa, yamba makutu asanawawe, akakana, bwerera. Wachimfine asamire konse. Tulutsira kampweya m'galasi ndi mphuno kuti lisakoke maso. Ndipo chizolowezi chopuma mofulumira kambirimbiri usanamire mumachiletseratu, chifukwa chimazimitsa chenjezo la thupi loti mpweya watha, munthu n'kukomoka m'madzi osamva kalikonse. Mmodzi akamira, mnzake amakhala pamwamba akumuyang'ana.

Ana akamatuluka m'madzi amakhala atadziwanso kanthu za nsomba, osati kungoona mitundu. Otsogolera anu amawasonyeza mbuna, nsomba zazing'ono zokhala m'miyala, zikupala ndere pa miyalapo, yamphongo yowala ikuthamangitsa zinzake pa kamalo kake, ndi yaikazi ya kukhosi kotupa imene yasunga mazira kapena tiana m'kamwa. Amafotokoza kuti mitundu yambiri ya mbuna siwoloka mchenga kapena madzi akuya, motero chilumba chilichonse chili ndi zakezake, ndiponso kuti pa Thumbi West pali mitundu ina imene inabwera ndi ogulitsa nsomba zoweta kuchokera kumpoto kwa nyanja. Tikuyamika kuti simudalira buledi kuti nsomba zibwere. Tikudziwa kuti buledi amasonkhanitsa nsomba pa dzanja ndipo zithunzi zimakongola, koma mbuna zambiri ndi zodya ndere, ndipo nsomba zozolowera kudyetsedwa zimasiya khalidwe limene mwana anabwera kudzaona. Munthu akangoyandama phee kwa mphindi ziwiri, zimabwera zokha. Mumakumbutsanso alendo kuti ali m'paki ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations, inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, kuti madzi a mamita 100 kuchokera ku gombe la paki ndi zilumba zake ndi otetezedwa, ndipo kuti ndalama yolowera ili ndi lisiti lake.

Nthawi ya m'madzi mumaidula pa mphindi 30 kapena 40. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mphepo, ndipo mwana wowonda amayamba kunjenjemera ngakhale mu Okutobala, milomo n'kusintha mtundu iye akukanabe kutuluka. Msana, khosi ndi kumbuyo kwa miyendo zimapsa ndi dzuwa munthu osamva chifukwa madzi akumuziziritsa; malaya opepuka amathandiza aliyense, wakhungu lakuda yemwe, ndipo kwa mwana wachialubino malaya a manja aatali, mafuta oteteza ndi ulendo wa m'mamawa si zokambirana.

Chimene chatikhudza kwambiri ndi chilungamo chanu pa likodzo. Ambiri ochita malonda panyanja amaitchula nkhaniyi monong'ona kapena kuikana. Inu mumanena poyera kuti ku Cape Maclear likodzo liliko, kuti limachokera ku nkhono za m'madzi, kuti chiopsezo n'chachikulu kugombe la mudzi ndi m'mabango kuposa ku miyala ya kuchilumba, koma kuti palibe malo amene mungalumbire kuti ndi oyera kotheratu. N'chifukwa chake kuyeserera mumachitira kuchilumba. Mumauza makolo kuti tizilombo ta likodzo timalowa pakhungu, kuti kudzipukuta ndi thaulo si chitetezo chodalirika, ndiponso kuti mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel akamwedwa tsiku lomwelo sathandiza, pakuti sapha nyongolotsi zisanakhwime. Amafunika patapita masabata 6 mpaka 8, pa mlingo wotengera kulemera kwa munthu, ndipo woyenera kupereka ndi achipatala. Magazi mu mkodzo ndi chizindikiro chodziwika, koma ambiri amakhala nalo osaona kanthu. Pempho lanu loti aliyense apite kuchimbudzi asanakwere boti, asakodze m'nyanja, ndilo limadula unyolo wa matendawa. Ana amamvanso kuti nsomba zodya nkhono zikachepa chifukwa cha maukonde a m'mbali mwa gombe, nkhono zimachuluka, motero kuteteza nsomba ndi nkhani ya thanzi la anthu a ku Chembe omwe.

Taonanso kuti paipi iliyonse imaviikidwa m'madzi a kolorini, kutsukuluzidwa ndi kuumitsidwa pamthunzi isanalowe m'kamwa mwa munthu wina, ndipo yolumidwa mpaka kung'ambika imachotsedwa.

Tili ndi mapempho awiri. Loyamba, muwonjezere magalasi ndi majekete a ana osapitirira makilogalamu 25, chifukwa gulu la sukulu likabwera ndi amene amayamba kutha. Lachiwiri, muphunzitse atsikana a m'mudzimo kukhala otsogolera. Amayi ambiri amatsala m'boti atasunga zikwama, osati chifukwa choopa madzi, koma chifukwa sangamasuke kugwiridwa dzanja ndi mnyamata wachilendo atavala zosambirira. Ife tili okonzeka kuthandiza kuwaphunzitsa kusambira ndi kupulumutsa anthu m'madzi ngati mungatipatse nthawi ya maholide.

Mutiperekere moni ndi kuthokoza kwathu kwa oyendetsa maboti, otsogolera ndi otsuka zipangizo.

Ife anu,
Alangizi a makalabu a zachilengedwe ndi aphunzitsi a kusambira