Chizindikiro cha QoS pachokha sichikonza mafoni odukaduka

A Mkonzi,

Maofesi ambiri akadandaula kuti mawu akudukaduka pa mafoni a pa intaneti, amauzidwa kuti aike QoS, njira yochititsa kuti mawu azidutsa patsogolo pa zina pa netiweki. Amaika chizindikiro pa mapaketi (tizigawo ta uthenga woyenda pa netiweki), vuto n'kukhala pomwepo. Tiloleni tifotokoze pomwe pamalakwika.

Paketi iliyonse ya IP (ya pa intaneti) ili ndi mabiti 6 otchedwa DSCP osonyeza gulu la paketiyo, omwe chikalata cha malamulo a intaneti cha RFC 2474 chidakhazikitsa mu 1998, ndipo nambala zake zimayambira 0 kufika 63. Mawu a foni amapatsidwa 46, yotchedwa EF. Misonkhano ya pa kanema imapatsidwa 34, pomwe zina zonse zimakhala pa 0. Komatu nambalayi ndi chizindikiro chabe. Rauta (chipangizo cholumikiza ofesi ku intaneti) ikapanda kukhala ndi mzere wapadera wodikirirapo mapaketi a 46, imangowasakaniza ndi ena onse.

Mzerewo uyenera kukhala pamene njira yachepera, ndipo kawirikawiri ndi potumizira kunja. Ngati kampani ya intaneti ikukupatsani 10 Mbps, ikani malire a rauta yanu pa 9 Mbps. Mukapanda kutero, mapaketi amakaunjikana mu modemu ya kampaniyo, komwe inu mulibe ulamuliro, ndipo mawu amadikira kumbuyo kwa fayilo yaikulu imene wina akutumiza. Mzere wa mawu usapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a njira yonse. Foni imodzi ya G.711 (njira yofala yosinthira mawu kukhala manambala) imadya pafupifupi 87 kbps mbali iliyonse, choncho mafoni 20 safika ngakhale 2 Mbps.

Pa Wi-Fi pali msampha umene umagwira ngakhale akatswiri. Zipangizo zambiri zimangowerenga mabiti atatu oyambirira a DSCP posankha gulu la paketi pa Wi-Fi. Nambala 46 ikawerengedwa motero imatuluka 5, ndipo 5 ndi gulu la kanema, osati la mawu. RFC 8325 ya 2018 imalangiza kuti EF izipita pa 6, ndiye onani ngati chipangizo chanu chikutsata zimenezi.

Chinanso, switch (chipangizo cholumikiza makompyuta a mu ofesi) isamakhulupirire chizindikiro chochokera ku kompyuta iliyonse. Izifufuta n'kuikanso chake pa doko lolowera, apo ayi pulogalamu ina idzadzilemba 46 n'kudzaza mzere wa mawu.

Makampani ambiri a intaneti amabwezera DSCP pa 0 paketi ikangolowa kwawo. Musanaimbe mlandu rauta yanu, jambulani mapaketi ndi pulogalamu ya Wireshark kotumizira ndi kolandirira komwe, muone ngati 46 yafika tsidya linalo.

Ife owerenga anu,
Okonza manetiweki