Kalata Yothokoza Unduna Woona za Kafukufuku ku Germany

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mphunzitsi wa kemisitiri, ndipo ndalemba kuthokoza unduna wanu chifukwa cha ndalama zomwe unapereka, pa nthawi yomwe unkadziwika kuti BMBF, ku gulu la ofufuza achinyamata la Mechanocarb pa yunivesite ya TU Dresden. Gululi linkafufuza njira yopangira makala osefera popanda mankhwala osungunulira, ndipo linkatsogoleredwa ndi a Lars Borchardt, omwe mu 2019 anasamukira ku yunivesite ya Ruhr ku Bochum.

Makala osefera, aja timawapeza m'zosefera madzi ndi mpweya, mphamvu yawo ili m'timabowo tosaoneka ndi maso momwe zoipa zimakakamira. Powapanga kuchokera ku mapolima, zinthu zonga pulasitiki zomwe mamolekyulu ake ndi olumikizana ngati unyolo, ambiri amayamba asungunula zinthu m'mankhwala amadzimadzi, ndipo ntchito ikatha mankhwalawo amasanduka zinyalala zofuna kutayidwa mosamala. Aliyense amene anagwirapo ntchito mu labotale akudziwa kuti mabotolo a zotsalirazi ndi omwe amadzadza msanga.

Ofufuza anuwa anasiya kusungunula n'kuyamba kupera. Anatenga liginini, polima ya m'mitengo yomwe mafakitale a mapepala amangoiwotcha, n'kuisakaniza ndi yureya, yemwe yuja timabereketsera chimanga, komanso mchere wa potaziyamu wotchedwa potassium carbonate. Zonsezi amazithira zouma m'chigayo chokhala ndi timipira tolimba. Chigayocho chikamazungulira, timipirato timawombana, ndipo mphamvu ya kuwombanako ndi yomwe imasakaniza ndi kulumikiza zinthuzo kwa mphindi zochepa chabe. Ufa wotulukawo amauwotcha pa madigiri pafupifupi 800 popanda okosijeni. Potassium carbonate amaboola timabowo, pomwe yureya amasiya naitirojeni m'makalamo. Zotsatira zomwe anasindikiza mu 2017 zinaonetsa kuti galamu imodzi ya makalawa ili ndi malo am'kati okwana masikweyamita pafupifupi 3,000. Mu 2019 anachitanso chimodzimodzi ndi zinyalala za polyurethane, pulasitiki ya mtundu wa thonje la m'matiresi.

Chomwe chinandikhutiritsa kwambiri n'chakuti sanabise pomwe njirayi imaperewera. Makala akapsa amatsala ndi mchere wa potaziyamu, ndipo kuuchotsa kumafuna madzi ambiri, mwinanso asidi. Wina akanatha kungokhala chete n'kumadzitamabe kuti sagwiritsa ntchito zamadzimadzi. Iwo anabwerera ku vutolo n'kuonetsa kuti mcherewo ukhoza kusiyidwa momwemo, n'kuthirapo madzi pang'ono, kuti ugwire ntchito yoyendetsa magetsi m'zipangizo zosunga mphamvu zotchedwa supercapacitor. Kunena zoona, magetsi oyendetsera chigayo ndi otenthetsera ng'anjo sanachoke, ndipo kupera matani ambiri si kupera magalamu ochepa. Koma ophunzira anga ndikawafotokozera, tsopano amafunsa funso lomwe kale silinkawabwerera: kodi mankhwala osungunulirawa ndi ofunikadi pa ntchito iyi, kapena n'chizolowezi chabe?

Ndikuthokozanso chifukwa munakhulupirira wofufuza wachinyamata n'kumupatsa zaka zingapo zoti ayese njira yomwe ambiri sankaiwerengera. Pempho langa n'lakuti pa kafukufuku wotsatira mulimbikitse kuti zonse zizisindikizidwa poyera, chifukwa sukulu zambiri sizingakwanitse kulipira magazini a sayansi, chikhalirecho utuchi, makoko ndi matiresi akutha zili paliponse.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa kemisitiri